Ankanditsogolera Ali Kumbuyo

Ine ndimasochera. Sindikunena kusochera kwa mlendo amene wangotsika basi m'tauni ya eni ake, ayi. Ndikunena kuti mukanditulutsa m'tchalitchi chathu cha ku Chileka kudzera khomo lam'mbali m'malo mwa lakutsogolo, ndiima panja n'kumadabwa kuti nyumba zonsezi azimanga liti. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuseka nawo anthu akamandiseka za zimenezi. Ndinasiya kuseka tsiku limene ndinali ndi m'mawa umodzi wokha woti ndikaime pamanda a akazi anga, njira n'kundikana.

Zinayamba ndili mwana. Amayi ankandituma kuchigayo, ine n'kukatulukira kumpanda wa bwalo la ndege, kathumba ka chimanga kali pamutu, ndikuonerera ndege ngati ndi zimene andituma. Achemwali anga aakulu, amene anandilera amayi atamwalira, ankati mchombo wanga anautaya mumtsinje m'malo moukwirira pakhomo, n'chifukwa chake mapazi anga sadziwa kwawo. Amati kufunsa ndi kudziwa njira. Amene anayambitsa mawuwa sanakumane nane. Kufunsa ndimafunsa ndithu, munthu n'kundiuza bwinobwino kuti mukapitirira mjigo mukhotere kumanja, mukaona mpanda wa nkhadze mulowere kumunsi, ine ndikugwedeza mutu, zikomo ali pakamwa. Akangotembenuka, mjigo uja ndi nkhadze zija zasungunuka kale m'mutu ngati shuga m'tiyi.

Nditakula ndinapeza ntchito ya ulonda pageti la nyumba ina yosungiramo katundu pafupi ndi bwalo la ndege. Ntchito imeneyo inandiyenera, chifukwa munthu umangoima malo amodzi. Madalaivala a malole akandifunsa njira ya uku ndi uku, ndinkawayankha kuti pepani ndine watsopano kuno, ndipo ndinakhala watsopano mpaka tsiku lopuma ntchito.

Akazi anga ndinawapeza pageti pomwepo. Nthawi imeneyo ankakhala kwa azakhali awo ku Chileka, ndipo ankadutsa m'mawa uliwonse ndi dengu la tomato. Ndinagula tomato wambiri chaka chimenecho, woposa amene munthu wosakwatira angadye, mpaka tsiku lina anandifunsa ngati ndatsegula lesitilanti. Kwawo kunali ku Chigaru, mudzi wam'kati ndithu, woti ukatsika minibasi pa Lirangwe uyende wapansi mpaka thukuta litsike mumsana. Kwathu kuno mwamuna ndiye amapita kukamanga kwa mkazi, choncho ndinakamanga nyumba kumeneko ngati mkamwini wina aliyense. M'kati mwa sabata ndinkagona kwa achemwali ku Chileka chifukwa cha ntchito, Loweruka n'kumapita kunyumba, Lamulungu masana n'kumabwerera.

Loweruka loyamba titakwatirana ndinatsika pa Lirangwe dzuwa lisanatenthe, nditanyamula nsomba zaziwisi ndi buledi. Kunyumba ndinafika dzuwa litapendeka, nsomba zitayamba kuitana ntchentche. Ndinati minibasi inafa pa Lunzu. Akazi anga analandira katundu, anandipatsa madzi akumwa, kenako anakhala pansi n'kuyamba kundichotsa chisoso m'buluku. Chinali chitamata mpaka m'mawondo.

"Minibasi za masiku ano zikudutsa m'tchire," anatero, osandiyang'ana.

Loweruka lotsatira nditatsika ndinawapeza ataima pafupi ndi amayi ogulitsa tomato, dengu lili pamutu. Anati abwera kudzagula mchere. Loweruka linalo anabwera kudzagula sopo, linalo mafuta a nyale, kenako mchere uja unathanso. M'nyumba mwathu mchere unkatha Loweruka lokhalokha, mpaka ana athu anakula.

Panali vuto limodzi. Masiku amenewo mwamuna ndi mkazi akakhala paulendo, mwamuna ankatsogola, mkazi pambuyo ndi katundu. Mkamwini woyenda kumbuyo kwa mkazi wake akanamuimba pamtondo kuti anadya khuzumule, mankhwala opusitsa mwamuna. Choncho ndinkatsogola ine, chifuwa chili patsogolo ngati munthu wodziwa kumene akupita, iwo pambuyo. Tikayandikira mphambano ndinkachepetsa liwiro pang'ono, iwo n'kuyambitsa nkhani.

"Taonani chimanga cha kumanjaku, bambo, chaka chino chabereka."

Ine n'kukhotera kumanja. Kapena ankati, "Ng'ombe za kumunsizi zaonda bwanji," ine n'kutsetserekera kumunsi. Ngakhale tikhale ndi anthu ena panjira, palibe amene ankazindikira. Ankangoti mayiwa pakamwa sipapuma. Nthawi zina kumbali yoyenera kunalibe chilichonse choyamikira, iwo n'kuyamikira chulu.

Ngakhale pamene anali m'chikuta, mwana wathu woyamba atangobadwa, sanandisiye ndekha. Ananditumizira uthenga ku Chileka kuti Loweruka ndigule chinthu cholemera, chilichonse. Kwa mchimwene wawo, alamu anga, ananena kuti amuna awo akubwera ndi katundu wosatheka munthu mmodzi, akawachingamire ndi njinga. Ndinagula thumba la simenti limene sitinkalifuna. Alamu anakankha njinga patsogolo akudandaula, ine ndikutsatira pambuyo ngati ndikugwirizira thumba kuti lisagwe. Simenti ija inauma pakhonde, inakhala mpando wa alendo.

Dzina loipa analisenza ndi akazi anga. Amayi anzawo, ngakhale abale anga amene, ankati ndi ansanje, amakadikirira mwamuna pasiteji kuopa kuti angalowe m'mabala a pa Lirangwe. Lamulungu akandiperekeza, osati polekezera mudzi monga achitira anthu onse koma mpaka pamsewu, ankawafunsa ngati akufuna akwere nawo akalondere limodzi geti. Iwo ankangoseka. Achemwali anga, atandiona kangapo ndikutsogola osaphonya, anauza abale onse kuti ukwati wamuchiritsa mwana uja. Ana athu omwe anakula akudziwa kuti bambo awo njira ya ku Lirangwe amaidziwa kuposa aliyense.

Musaganize kuti sindinayese. Ndinkaloweza kuti apa pali mtengo wa mango, apo pali nyumba ya udzu. Koma dziko la kumudzi silikhala chimodzimodzi. M'dzinja chimanga chimatalika n'kubisa zonse, m'chilimwe akakolola paliponse pamayera mbee, nyumba zimene sunazionepo n'kutulukira. Ukaloweza mtengo audula, ukaloweza nyumba ya udzu aifolera malata. Tsiku lina tili awiri ndinawapempha akazi anga kuti andiphunzitse zithe, tiziima pamphambano iliyonse mpaka zilowe m'mutu.

"Mukaidziwa njira, ine Loweruka ndizipita kuti?" anatero.

Yankho limenelo linandikoma, ndipo sindinapemphenso. Kunena zoona, ulendo umenewo ndinkaukonda kuposa kufika kwenikweniko. Ndinkamva masilipasi awo akukwekwesa kumbuyo, dengu likulira pang'ono akamasintha phazi. Nkhani zathu zonse zikuluzikulu, za sukulu ya ana, za feteleza, ngakhale mikangano imene, tinkazikambira m'njira imeneyo, ine ndikuyang'ana kutsogolo, iwo akuyang'ana msana wanga.

Nditapuma ntchito ndinakakhazikika kumudziko, ndikuti tsopano tipume. Sitinapume nthawi yaitali. Akazi anga anadwala mvula itangoyamba, ndipo chimanga chisanamasule anali atapita. Kumanda ndinapita pakati pa gulu, anthu atandigwira mbali zonse, sindinaone kumene tinadzera. Patapita miyezi abale awo anandisudzula monga mwa mwambo, kundimasula kuti ndibwerere kwathu. Sanandithamangitse, ndi anthu abwino, anati ndikhoza kukhala ngati ndifuna. Koma nyumba ya mkamwini imaima ndi mkazi. Achemwali anabwera ndi galimoto yamatola, tinapakira mpando, njinga yakufa ndi zovala, ndinabwerera ku Chileka. Ana anatsala kwawo, kumudzi kwa amayi awo.

Masiku ena onse ndinkapirira, koma Loweruka linkandivuta. Ndinkadzuka n'kusamba, n'kuvala malaya abwino, kenako n'kukumbukira kuti palibe kumene ndikupita. Ndinkakhala pakhonde ndi malaya abwinowo mpaka madzulo, achemwali osandifunsa kanthu.

Kumanda sikupitidwa ngati kumunda. Ngakhale wagona kumeneko akhale mkazi wako, sungangodzuka n'kukalowa. Anthu angakuganizire zoipa, ndipo ndi mlandu. Umalowa pamaliro, kapena tsiku la chiliza, eni mudzi atalola ndipo adzukulu, amene amakumba ndi kusamala manda, atatsegula njira. Choncho mwana wanga wamkazi ataimba foni kuti chiliza cha amayi ake chamangidwa ndipo achivundukula Loweruka, ndinadziwa kuti mwayi wanga ndi umenewo. Wina sindinkadziwa ngati udzabwere ndikadali ndi moyo.

"Nsalu yapachiliza mudzachotsa ndinu, ababa," anatero. "Koma mulawire. Abusa ali ndi mwambo wina masana, sadikira."

Mawu anafika pakhosi oti munditumizire munthu pasiteji. Ndinawameza. Ndikanayamba bwanji kumuuza mwana, woti ali ndi ana ake kale, kuti bambo ake sadziwa njira ya kunyumba imene anamanga okha? Komanso ndinkaona ngati ndikaulula ndiwononga ntchito imene amayi ake anaigwira mwakachetechete moyo wawo wonse. Ndinadziuza kuti mutu ukalephera mapazi akumbukira.

Tinanyamuka m'mawa ndi achemwali, amene tsopano ndi okalamba ndipo mawondo amawavuta, tili ndi mbuzi yokathandizira ndiwo. Kondakitala anaikankhira pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo inalira kuyambira pa Kameza mpaka pa Lirangwe. Titatsika, maso anga anapita okha kumene kumakhala amayi a tomato. Analipo amayi ambiri, madengu ambiri. Ndinaima ndikuyang'ana mpaka achemwali anandigwedeza mkono.

Akabaza anatizungulira ndi njinga zawo. Ndinati ndapulumuka, koma achemwali anawabalalitsa.

"Ine panjinga ndinagwapo, sindikweranso. Ndipo njira sitikufunsa, eni mudzi ndi awa. Tsogolani, achimwene."

Ndinatsogola, chingwe cha mbuzi chili m'manja. Poyambira ndinkapadziwa, kuseri kwa chigayo kenako kuwoloka njanji. Kunkatentha, nyengo ija minda ili mbee, anthu akuunda mizere kudikira mvula. Titafika pamphambano yoyamba ndinachepetsa liwiro osadziwa n'komwe, makutu ali kumbuyo. Kumbuyoko kunali achemwali akudandaula za mawondo. Palibe amene anayamikira chimanga kapena ng'ombe. Pamenepo ndi pamene ndinawasowa akazi anga kuposa tsiku la maliro, moti ndinafuna kukhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira. Ndinasankha kumanzere chifukwa mbuzi inakokera kumeneko.

Tinayenda. Tinadutsa uvuni wa njerwa umene sindinkaudziwa, kenako mjigo, kenako uvuni wina wofanana kwambiri ndi woyamba uja. Foni inalira.

"Ababa, muli pati? Abusa afika."

Funso limeneli ndimadana nalo kuposa mafunso onse. Ndinayang'ana uku ndi uku. Panali mtengo, munda ndi nkhuku.

"Tili pafupi, mwana wanga. Ayembekeze pang'ono."

Kenako mphepo inabweretsa nyimbo, mawu a amayi a mpingo akuimba chapatali. Mtima unakhala pansi. Ndinati Mulungu wandiona, n'kusiya njira, kudula m'minda molunjika kumene kunkachokera nyimboko, achemwali akupunthwa pamizere. Chimene ndinaiwala n'chakuti nyengo imeneyi, anthu atagulitsa zokolola ndipo mvula isanagwe, Loweruka lililonse midzi ingapo imakhala ndi ziliza.

Tinafika pakhomo podzaza anthu, ndipo anatilandira bwino kwambiri. Bambo wina analandira mbuzi ndi manja awiri n'kuzungulira nayo kuseri, ine anandipatsa mpando pamthunzi, achemwali mphasa. Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi osadziwapo ndi mmodzi yemwe, koma ndinadziuza kuti ndi alendo ochokera kutali. Nyumba nazonso sindinazidziwe, koma zimenezo kwa ine si zachilendo. Kenako mkulu wina anaimirira kuthokoza onse amene abwera kudzalemekeza malemu bambo awo, amene anali mlimi wa thonje.

Achemwali ananditembenukira. Diso limenelo sindidzaliiwala.

Mbuzi tinaipeza ataigoneka kale, mpeni uli m'manja. Ndili mkati mopepesa, ena atagwira pakamwa kubisa kuseka, mayi wina wachikulire anandiyang'anitsitsa.

"Kodi inu si amuna awo a malemu aja ankadikirira pasiteji Loweruka? Iii, mwataya njira kutali, bambo. Mubwerere mpaka pamjigo, mukatenge ya kumanja, mukawoloka khwawa muona mlambe..."

Ine ndinali nditayamba kale kugwedeza mutu. Achemwali anawadula mawu.

"Musavutike kumuuza, mayi. Chonde tiperekezeni."

Mayiwo anamangitsa chitenje n'kutsogola. Ine ndinayenda pakati, achemwali pambuyo. Tinayenda nthawi yaitali, kenako ndinamva mawu a achemwali, otsika.

"Achimwene, zaka zonse zija?"

"Anali akazi anga."

"Ndiye ife tinkawanena nsanje."

Ndinangowamva akumina m'nsalu yawo.

Tisanalowe m'mudzi tinakumana ndi njinga yamoto ya abusa ikutuluka. Anakweza dzanja n'kupitirira. Kenako tinaona anthu akutuluka m'nkhalango ya manda pamzere, amayi a mpingo patsogolo, nyimbo zitatha. Mwana wanga anali pakati pawo, nsalu yoyera yopinda ili m'khwapa. Anali ataichotsa yekha pachiliza. Anayang'ana fumbi la m'miyendo mwanga, mbuzi, ndi mayi wachilendo amene anatibweretsa.

"Tinadikira, ababa. Tinadikira mpaka abusa anayamba kuyang'ana wotchi. Munali kuti?"

Achemwali anamukokera pambali n'kuyamba kumunong'oneza. Ndinaona nkhope ya mwana wanga ikusintha pang'onopang'ono, mkwiyo ukuchoka, chisoni chikulowa, ndipo chisonicho chinandipweteka kuposa mkwiyo uja.

Alamu anga, amene tsopano ndiwo mwini mbumba, anapita kukalankhula ndi mkulu wa adzukulu. Anakambirana kanthawi, mkuluyo akupukusa mutu chifukwa anali atatseka kale. Potsiriza alamu anabwera.

"Tiyeni, alamu. Koma mwachangu, anthu akudikira chakudya."

Tinalowa atatu. Ndinavula chipewa. M'kati munali mozizira, masamba ouma akulira kumapazi, ndipo tinakhotakhota pakati pa mitumbira mpaka mkulu uja anaima. Chiliza chinali chaching'ono, chaukhondo, simenti ikadanunkha, maluwa a nkhata atayamba kale kufota. Dzina lawo analilemba bwino. Alamu ndi mkulu uja anabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuyang'ana kumbali.

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'minibasi. Onse anathawa. Ndinagwada n'kugwira chiliza chija.

"Ndachedwa, mayi," ndinatero. "Ndinasochera."

Nditaimirira ndinayamba kuloweza ndi mphamvu zanga zonse. Kumutu kuli mtengo wa bwemba, pambali pali chiliza chakale chong'ambika, kumene talowera ndi kumene kuli dzuwa. Ndinkabwereza mumtima ngati mwana wasukulu, ndikudziwa bwino lomwe kuti ndikafika pamsewu zonsezi zikhala zitapita. Alamu anatsokomola. Tinatuluka, ndipo nditacheuka m'mphepete mwa nkhalango sindinathenso kuloza kuti agona mbali iti.

Pano ndili ku Chileka, pakhonde pa achemwali. Nthawi zina ndimadzitonthoza kuti ulipo ulendo umodzi umene munthu safunika kudziwa njira, anzake amangomusenza pamapewa iye ali chigonere. Koma ndikaganiza bwino mtima umandiwawa, chifukwa ine anandisudzula. Tsiku limenelo adzandisenza ndithu, koma adzandiika kuno kwathu, ndipo ku Chigaru sadzadutsa nane.